Kaumbidwe ka mulungu wa chiwembu ndi mdima m'nkhani zopeka

Mlembi akamaumba dziko lake lopeka, lokhala ndi mafumu ake, amatsenga ake ndi bwalo lake la milungu, mulungu woipa ndi amene amalembedwa mothamanga kuposa onse. Amamuveka mkanjo wakuda, kumupatsa maso ofiira ndi dzina lopotola lilime, n'kulemba m'munsi kuti amadana ndi chilichonse chabwino. Akatero owerenga amamudziwiratu pa tsamba loyamba, ampangankhani onse amamuthawa, ndipo ntchito imene anamuumbira imakanika. Munthu amaperekedwa ndi amene amadya naye. Mdani amene wakubaya kunkhondo wangogwira ntchito yake, sanakuyende pansi. Ndiye funso loyamba n'lakuti: n'chifukwa chiyani milungu inzake imamusungabe pakati pawo, nanga munthu wanzeru zake angamugwadire chifukwa chiyani? Dzina, chizindikiro, ansembe ndi miyambo zimatuluka m'yankho la funso limeneli. Njira ili m'munsiyi ithandiza wolemba buku ndiponso woyendetsa masewero a patebulo, aja oponya madayisi.

Wakunja kapena wam'nyumba

Aiguputo akale anali ndi oipa awiri ndipo sankawasokoneza. Apep anali chinjoka cha chisokonezo chimene usiku uliwonse chinkabisalira ngalawa ya Ra, mulungu wa dzuwa. Chinalibe kachisi, panalibe wochipembedza. Ansembe ankaumba fano lake ndi phula, kulilavulira, kulipondaponda, kulibaya n'kuliponya pamoto, ndipo mawu a mwambowu akadalipo pa gumbwa wotchedwa Bremner-Rhind amene amasungidwa ku British Museum. Set anali wina. Iyeyu anali m'bale wake weniweni wa Osiris, mulungu amene nthano zimati anali mfumu ya Aiguputo, ndipo ndi iye amene ankaima kutsogolo kwa ngalawa ija, mkondo uli m'manja, kubaya Apep. Anali ndi akachisi ake, ndipo mfumu Seti I, bambo wa Ramesses II, inatenga dzina kwa iye. Koma ndi Set yemweyo amene anapha Osiris.

Sankhani mtundu umodzi musanalembe china chilichonse. Wa mtundu wa Apep savuta kulemba, koma nkhani yake ndi yaifupi: wabwera, wabwezedwa, mawa abweranso. Mdima angakhale nawo, chiwembu ayi. Mukafuna zonse ziwiri mwa mulungu mmodzi, tengani wam'nyumba. Alembi ambiri amayamba bwino ndi wam'nyumba, koma pofika pakati pa buku amamusandutsa chilombo chofuna kumeza dziko lonse, poganiza kuti akukometsa nkhani. Zikatero ubale wonse umene anauyala m'mitu yoyamba umapita pachabe. Ngati nkhani yanu ikufunadi chilombo, chiumbeni padera, n'kumupatsa mulungu wanu wachiwembuyo ntchito yochitchinga. Apo milungu inayo yagwidwa pakhosi: ikamupha, chilombo chilowa.

Ntchito imene ena onse amaikana

Milungu 7 mpaka 12 ndi imene owerenga amatha kuisunga m'mutu. Ilembeni pa pepala limodzi, uliwonse ndi ntchito yake, kenako funsani kuti ndi ntchito iti yonyansa imene onsewa amaifuna koma palibe wofuna kudetsa nayo manja.

Nthano za Loki, mulungu wa machenjera, monga anazilembera Snorri Sturluson wa ku Iceland cha m'ma 1220, zikuonetsa bwino zimenezi. Mmisiri wina analonjeza kumangira milungu linga m'nyengo imodzi yachisanu, malipiro ake akhale mulungu wamkazi Freyja, dzuwa ndi mwezi. Milungu inavomera poganiza kuti sangamalize. Kutatsala masiku atatu inaona kuti amaliza, chifukwa kavalo wake ankakoka miyala modabwitsa. Anawapulumutsa ndani? Loki, amene anasanduka kavalo wamkazi n'kukopera kavalo uja kuthengo. Linga anakhala nalo, Freyja sanapite, ndipo amene anatchedwa wachinyengo ndi Loki yekha. Nyundo ya mulungu Thor ndi mkondo wa Odin, mkulu wa milunguyo, nazonso zinafika kudzera m'mapulupulu a Loki. Milungu yotereyi singamuthamangitse msanga, chifukwa yadya naye zambiri.

Tiyeni tiumbe wathu wachitsanzo, timutche Mzimanyale. Mlongo wake ndi mulungu wamkazi wa dzuwa. Madzulo alionse mlongoyo amamupatsa makiyi a dziko kuti akapume, ndipo Mzimanyale amasunga zonse za usiku: tulo, manda, mbewu zimene zili pansi pa nthaka, ndi mawu onse onenedwa monong'ona. Popanda iye dzuwa silingalowe, ndipo dziko lingapserere.

Tsopano mumangirireni kwa anzake ndi zingwe zitatu, zosachepera apo. Pakhale mulungu mmodzi amene ali naye ngongole: tinene kuti wa chilungamo anaweruzapo mlandu molakwa, Mzimanyale n'kukwirira umboni. Pakhale wina amene amamukonda ndi mtima wonse ndipo amamuikira kumbuyo pabwalo. Pakhalenso wina amene amamudziwa bwinobwino koma palibe womumvera, mwina chifukwa ndi chidakwa kapena ananamapo kale. Zingwezi zilembeni ngati ziganizo zitatu. Mukalephera kuzilemba, mulungu wanu akadali mlendo pabwalopo ndipo alibe woti amupereke.

Chiwembu choyamba

Apa ndi pofunika kukhalitsa, chifukwa miyambo yonse ya dziko lanu idzachokera m'nthano imeneyi. Onani kaye mmene akale ankachitira.

Plutarch, mlembi wachigiriki amene analemba cha m'ma 100 AD, akusimba kuti Set anayeza thupi la Osiris mobisa, n'kupangitsa bokosi lokongola la msinkhu womwewo. Anasonkhanitsa anzake 72, nakonza phwando. Pakati pa phwandolo analowetsa bokosilo n'kunena mwanthabwala kuti alipereka kwa amene akwanemo ndendende. Alendo anayesa mmodzimmodzi, osakwana. Osiris atagonamo, anthu aja anathamangira kutseka chivundikiro, kukhomera misomali, kuthira mtovu wosungunula n'kuponya bokosilo mu mtsinje wa Nile. Palibe anamukoka Osiris. Analowa yekha, pakati pa chiseko.

Ya Baldr, mwana wa Odin, ndi yozizira kwambiri. Frigg, mayi wake, analumbiritsa moto, madzi, chitsulo, miyala, mitengo, matenda, nyama ndi njoka kuti zisapweteke mwana wake. Anasiya kachomera kamodzi kotchedwa mistletoe, poti kanali kakang'ono kwambiri moti sikakanalumbira. Loki anadzisandutsa mkazi n'kukacheza ndi Frigg mpaka anamva za kachomerako. Milungu inali pa masewero oponyera Baldr zida poona kuti sizimulasa, ndipo Höðr, m'bale wake wakhungu, anaima panja pa bwalo. Loki anamufunsa chifukwa chake sakulemekeza m'bale wake monga enawo, namupatsa kachomera kaja, namulozera koponya. Höðr anaponya, Baldr n'kufa.

M'nthano ziwirizi muli zinthu zisanu zimene yanunso iyenera kukhala nazo: munthu wokhulupirira, lonjezo kapena mwambo umene ukumuteteza, kampata kamene aliyense anakanyoza, dzanja la wina limene likugwira ntchitoyo, ndi chotayika chimene sichidzabwereranso. Chachinayicho ndi chimene alembi amaiwala kawirikawiri. Mulungu wachiwembu akagwira yekha mpeni amasanduka chigawenga wamba. Akagwiritsa dzanja la wosalakwa, amapha awiri: wofayo ndi wakuphayo.

Ya Mzimanyale ikhoza kuyenda chonchi. Analumbira pamaso pa milungu yonse kuti adzabweza makiyi m'mawa uliwonse tambala akalira. Kwa zaka zosawerengeka anabwezadi. Tsiku lina madzulo anapita kwa mng'ono wawo, mulungu wa alenje, n'kumuonetsa atambala atatu akufa, n'kumufunsa ngati wamvapo za mliri umene umayambira mu nkhuku n'kugwira ana. Sananene kuti mliri ulipo, anangofunsa. Mlenje uja, pofuna kuteteza ana, anapha atambala onse a pa dziko usiku umodzi. M'mawa sunafike. Lumbiro silinaswedwe, popeza tambala sanalire. Mdima unakhala miyezi isanu, mpaka kamwanapiye kamene mayi wina wokalamba anakabisa m'chovala chake kanakula n'kulira.

Miyezi isanuyo sinangoikidwa: tambala amayamba kulira ali ndi miyezi inayi kapena isanu. Kanthu koona koteroko kamalimbitsa nthano yonse. Onaninso zimene zatuluka m'ndime imodziyi popanda kuvutikira. Kachisi aliyense wa dzuwa amaweta tambala. Kupha tambala usiku ndi mlandu wa imfa. Alenje salumbira, ndipo salandiridwa ngati mboni. Olemba mapangano amadana ndi mawu akuti "akadza" ndi "zikatero", amafuna tsiku ndi ola. Chizindikiro cha otsatira Mzimanyale ndi tambala womangidwa mlomo ndi ulusi, kanthu koti munthu angakajambule pa mphete osakayikiridwa. Ngati nthano yanu yoyamba sikubereka miyambo inayi kapena isanu yotere, ilibe tsatanetsatane wokwanira. Ibwerezeni.

Zingwe zomumanga

Mulungu amene angachite chilichonse amapha nkhani, chifukwa owerenga amasiya kulingalira. Mupatseni malamulo awiri kapena atatu amene sangawaswe, muwalembe, ndipo inunso musawaswe ngakhale nkhani itakupanikizani.

Akale ankadziwa zimenezi. Hesiod, mlakatuli wachigiriki, akuti mulungu wa Agiriki akalumbira monama pa madzi a mtsinje wa Styx ankagona chaka chathunthu osapuma mpweya, kenako zaka 9 osaloledwa pamisonkhano ndi pamadyerero a milungu. M'buku la Azoroasta a ku Perisiya lotchedwa Bundahishn, Ohrmazd, mwini kuwala, anauza Ahriman, mwini mdima, kuti apangane nthawi ya nkhondo yawo, zaka 9,000, ndipo Ahriman anavomera chifukwa sankatha kuona za kutsogolo. Loki atabetcha mutu wake ndi amisiri ena n'kugonja, anapulumuka ponena kuti mutu ndi wawo koma khosi sanabetche, ndipo anamusoka milomo.

Kwa Mzimanyale malamulo akhale awa. Sanena chinthu chabodza, amangofunsa, kusiya zina, ndi kusankha nthawi yonenera zoona. Sangakhudze munthu amene sanamukhulupirire iyeyo kapena wansembe wake mwa kufuna kwake. Ndipo pali chimene saona: amakhulupirira kuti aliyense ali ndi mtengo, choncho munthu wosunga lonjezo popanda phindu amamusokoneza mawerengero. Lamulo loyamba ndi lolemetsa kwa mlembi, chifukwa mawu ake onse muyenera kuwalemba kawiri, poyamba monga akumvekera, kenako monga akutanthauzira. Koma phindu lake ndi lalikulu: owerenga akabwerera m'mbuyo amapeza kuti anauzidwa zonse. Lachitatu ndi khomo la ampangankhani anu. Popanda ilo sangapambane mwa njira imene owerenga angaivomereze.

Amamupempherera ndani

Anthu ovala zigoba amene amaseka m'mapanga n'kumalakalaka dziko litatha ndi ochepa kwambiri kuti asunge chipembedzo kwa zaka 1,000. Mulungu amakhala ndi moyo chifukwa cha anthu wamba amene amamufuna kamodzi pa moyo wawo.

Aaziteki anali ndi Tezcatlipoca, mulungu wa usiku, wonyamula kalilole wa mwala wakuda. Mabuku 12 amene Bernardino de Sahagún anasonkhanitsa ku Mexico m'zaka za m'ma 1500 akumuonetsa ngati wopatsa chuma ndi ulemu n'kuzilandanso mmene wafunira, ndipo limodzi mwa mayina ake linali lakuti mdani wa mbali zonse ziwiri. Komabe anali mmodzi wa milungu yaikulu koposa, ndipo mafumu ankamupempha. Pa chikondwerero cha Toxcatl, mnyamata wopanda chilema ankasankhidwa kukhala fano lake lamoyo chaka chathunthu. Ankamuveka bwino, anthu ankamugwadira akamayenda akuimba chitoliro, ndipo kutatsala masiku 20 ankamupatsa akazi anayi. Tsiku lomaliza ankakwera makwerero a kachisi akuthyola zitoliro zake, n'kuphedwa pamwamba pake. Chaka cha ulemu chothera pa mpeni: mwambowo wokha ukufotokoza khalidwe la mulunguyo kuposa ndime khumi.

Lembani anthu asanu a m'dziko lanu amene angapemphere kwa Mzimanyale osadziona kuti ndi oipa. Kapolo amene akuthawa ndipo akufuna mwezi usatuluke. Mkazi wobisa mwana kwa asilikali. Kazitape wa mfumu yabwino. Wamalonda amene analumbira pangano lomuphera banja ndipo akufuna kampata. Mlonda amene akungopempha kuti zoyenda usiku zimulambalale. Mu ndakatulo ya Iliad, mulungu wa tulo atathamangitsidwa ndi Zeus, mfumu ya milungu ya Agiriki, anathawira kwa Nyx, mwini usiku, ndipo Zeus anabwerera poopa kumukwiyitsa. Mdima umabisa wolakwa ndi wolakwiridwa mofanana, ndipo m'menemo ndi mmene mulungu wanu amakolera anthu.

Pemphero lake likhale losavuta komanso lotheka mseri: kuzima nyale ndi zala ziwiri, kunong'ona chinsinsi chimodzi chenicheni, kudikira. Nsembe yake ndi chinsinsicho. Amayankha, ndipo amayankha bwino. Ngongole imadza pambuyo pa zaka, pamene wopemphayo wapeza munthu womukonda, ndipo chimene mulunguyo amafuna ndi munthu ameneyo.

Mayina mumupatse atatu: limene ansembe a milungu ina amamutchula pomutemberera, limene anthu wamba amagwiritsa ntchito poopa kutchula lenilenilo, ndi limene omutsatira amamuitanira. Lachiwirilo likhale laulemu, monga Mlonda kapena Wosunga Makiyi. Mayina odzaza zilembo zosatchulika amangotopetsa maso.

Chenjezo limodzi. Nkhani zambiri zakale za mtunduwu zinkapatsa mulungu wa mdima mtundu wathunthu wa anthu a khungu lakuda, onse oipa chibadwire. Kupatula kunyoza kwake, kumeneko ndi kulemba kwaulesi, ndipo kumaononga chiwembu: ngati otsatira ake amadziwika ndi nkhope, angamuyende pansi ndani?

Ansembe ake

Atambwali sametana, amaopa kuchekana. Gulu limene chiphunzitso chake ndi kuperekana lingathe bwanji chaka osamalizana? Owerenga atcheru adzafunsa, ndiye yankho likhalepo.

Yambani ndi kaimidwe ka gululo. Timagulu ta anthu atatu mpaka asanu, aliyense akudziwa anzake a m'kagulu ndi munthu mmodzi yekha wa pamwamba. Mmodzi akagwidwa, oululika sapitirira asanu. Kenako chikole: wolowa amapereka chinsinsi chomuphetsa, cholembedwa, chimene chimasungidwa ndi munthu amene iye samudziwa. Chomaliza ndi chiphunzitso chenichenicho. Popeza mphamvu ya Mzimanyale imachokera m'kukula kwa chikhulupiriro chimene chaswedwa, kupereka wansembe mnzako, amene amakukayikira kale, ndi nsembe yopanda mafuta. Yamtengo ndi ya munthu amene wakudalira zaka 20. Ndiye wansembe weniweni amakhala munthu wokhulupirika koposa mumzinda: woweruza wosadya ziphuphu, sing'anga wodzuka pakati pa usiku, msilikali amene anasenza mbuye wake povulala. Amaweta chikhulupiriro moyo wake wonse kuti adzachiphe kamodzi. Ena amafa asanachiphe, ndipo funso lakuti anali oipa kapena ayi likhoza kunyamula buku lathunthu.

Mukafuna kuti maudindo azisinthana, ikani usiku umodzi pa chaka, wa mwezi wakuda woyandikira tsiku lalifupi koposa, pamene wamng'ono amaloledwa kugwetsa wamkulu. Masiku ena onse n'koletsedwa. Mumzinda wa anthu 20,000, otsatira olumbira 30 ndi okwanira kugwedeza ufumu. Mukaika 3,000, chinsinsi chatha.

Mdima weniweni

Alembi ambiri amalemba za mdima ngati sanayendepo usiku. Maso a munthu amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima mokwanira, ndipo kuwala kwamphamvu kwa kanthawi kochepa kumabweza ntchito yonseyo m'mbuyo. Mumdima maso saona mitundu, chofiira ndi chobiriwira zonse zimatuwa. Wonyamula muuni amaoneka patali, koma iye amangoona pafupi pomuzungulira. Ansembe a Mzimanyale akhoza kungodikira panja pa kuwalako, osachita matsenga alionse. Mwezi umazungulira masiku pafupifupi 29 ndi theka, ndipo usiku uwiri kapena utatu suoneka n'komwe, choncho muli ndi nthawi zopatulika 12 kapena 13 pa chaka osazipeka. Kadamsana wophimba dzuwa lonse sapitirira mphindi 7 ndi theka. Mukalemba wa maola atatu, dziwani kuti mwalemba chozizwitsa, ndipo akatswiri a nyenyezi a m'dziko lanu ayenera kunjenjemera nacho.

Kwa oyendetsa masewero, malamulo a Dungeons & Dragons a mu 2014 amati muuni umayaka ola limodzi, kuwala bwino mamita 6 ndi mwachizimezime mamita ena 6. Vuto n'lakuti mitundu yambiri ya m'masewerowo imaona mumdima mamita 18, ndipo osewera amaiwala kuti kunja kwada. Musawalande luso limene anasankha. M'malo mwake chititsani kuti mdima wa mulunguyu uzichita chinthu china: mawu onenedwa popanda lawi la moto amafika kwa iye, ndipo lonjezo lopangidwa mumdima ndi lake. Mudzaona osewera akuwerenga makandulo awo asanayambe kukambirana mapulani.

Mdima ukhalenso ndi masitepe. Poyamba nyale zimangothima msanga kuposa mafuta ake. Kenako zithunzithunzi zimaloza kolakwika. Pomaliza anthu awiri m'chipinda chimodzi amamva mawu osiyana kuchokera m'kamwa limodzi. Mukayamba ndi chachitatucho mulibenso kokwera.

Kuyala chiwembu m'nkhani yanu

Chiwembu chachikulu chikhale chimodzi pa buku. Chachiwiri chimalasa theka la choyamba, ndipo pofika chachitatu owerenga akukayikira aliyense, kuphatikizapo galu. Akafika pamenepo mulungu wanu wafa njala.

Mthirakuwiri wanu alowe msanga, m'gawo loyamba la magawo khumi a nkhani. Athandize ampangankhani katatu, thandizo lenileni lomutayitsa kanthu: ndalama, magazi, mbiri. Ikani zizindikiro zitatu, chilichonse chokhala ndi tanthauzo lina losalakwa. Sadya nyama ya nkhuku, akuti imamudwalitsa. Amazima kandulo ndi zala. Akafunsidwa ngati adzakhala nawo mpaka mapeto, amayankha kuti adzakhalapo pa mapeto. Ikaninso munthu wina wokayikitsa, wamwano, wobisa zake, amene pamapeto adzapezeke kuti anali wokhulupirika. Chiwembucho chigwe nkhani itadutsa magawo atatu a magawo anayi, pang'ono chabe pampondachimera pasanafike, kuti patsale malo a zotsatira zake. Chikagwera pa tsamba lomaliza chimangodzidzimutsa, sichipweteka.

Pa masewero okumana ka 12, ndiye kuti alowe pa kukumana kwachiwiri, zizindikiro pa 4, 6 ndi 8, chiwembu pa 9. Osewera akamutulukira pa 6, musasinthe wolakwa pofuna kuteteza chinsinsi chanu. Apambana mwachilungamo, ndipo mulungu wochenjera amakhala ndi njira yachiwiri. Chinanso: musalole wosewera mmodzi kupereka anzake mobisa gulu lonse lisanagwirizane pa chiyambi kuti zoterezi n'zololedwa. Za m'nkhani zimatuluka n'kukhala mkwiyo weniweni patebulo.

Mulungu mwiniyo aoneke kawiri kapena katatu basi, ndipo akhale waulemu, womvetsera, wosafulumira. Asadzitame, asafotokoze mapulani ake. Poyesa ngati mwamulemba bwino, patsani munthu wina mawu ake okha, popanda dzina, mumufunse ngati angamudalire wolankhulayo. Akati ayi, bwererani.

Pomaliza mumutani

Kumupha n'kosavuta kulemba koma kumaswa zimene munamanga, popeza munanena kuti dziko silingayende popanda ntchito yake. Nthano zakale kawirikawiri zimamanga. Loki anamangidwa pa miyala itatu ndi matumbo a mwana wake, njoka ikumudonthezera ululu kumaso, mkazi wake Sigyn atagwira mbale yolandirira. Mbale ikadzaza n'kupita kukataya, ululu umamugwera, amaphiriphitha, ndipo dziko limagwedezeka. Chilangocho chili ndi mlonda, chili ndi mpata umene umabwera nthawi ndi nthawi, ndipo chili ndi tsiku lodzatha.

Njira zina ndi kumukola ndi mawu ake omwe, kapena kumulanda ntchito n'kuipereka kwa wina. Yoyambayo imafuna kuti mawu omukolawo akhale atanenedwa kale m'mitu yoyambirira, owerenga akumva. Yachiwiriyo imafuna kuti muyankhe mafunso atatu musanalembe mutu womaliza: makiyi a usiku agwira ndani, zinsinsi zonse zimene anthu ananong'ona kwa zaka mazanamazana zipita kuti, ndipo mulungu wa chilungamo uja achita chiyani umboni wa mlandu wake ukafukuka. Ngati wolandira makiyiyo ndi mpangankhani wanu wamkulu, lembani ndime imene munthu woyamba akuzima nyale n'kumunong'oneza chinsinsi, ndipo musankhe ngati ayankha.